Dothi, madzi, mphepo ndi moto: yankho kwa achemwali a ku Matawale

Sabata yatha ndinalandira imelo kuchokera kwa achemwali ena okhala ku Matawale kuno ku Zomba. Anapempha kuti dzina lawo lisatchulidwe. Mwachidule analemba motere: "Mnzanga wa kuntchito akuti poti ndinabadwa kumayambiriro kwa Julaye, ndine munthu wa madzi, n'chifukwa chake misozi siichedwa kugwa. Akuti mzimu wa munthu aliyense ndi womangika ku chimodzi mwa zinthu zinayi: dothi, madzi, mphepo ndi moto. Ine ndimapemphera, koma ndikakwera kuphiri n'kukhala m'mbali mwa mtsinje wa Mulunguzi, mtima umakhala pansi kuposa mmene umakhalira m'tchalitchi. Kodi zimenezi n'zoona, kapena ndi za azungu? Nanga ndikuchimwa?"

Achemwali, zikomo chifukwa chondikhulupirira ndi nkhani ya kumtima ngati imeneyi. Ndakhala nayo masiku angapo ndisanayankhe.

Ndiyambe ndi kumene mnzanuyo anazitenga. Zaka pafupifupi 450 Yesu asanabadwe, pachilumba cha Sicily panali Mgiriki wina dzina lake Empedocles. Iyeyo anaphunzitsa kuti chilichonse chooneka chinapangidwa ndi zinthu zinayi zimenezi, ndipo ankazitcha mizu. Ankati chikondi chimazisonkhanitsa, udani n'kuzimwaza. Pambuyo pake Aristotle anaonjezapo kuti moto ndi wotentha ndi wouma, mphepo ndi yotentha ndi yonyowa, madzi ndi ozizira ndi onyowa, dothi ndi lozizira ndi louma. Openda nyenyezi anatenga zimenezi n'kugawa chaka m'magawo 12, atatu a moto, atatu a dothi, atatu a mphepo, atatu a madzi. Kumayambiriro kwa Julaye kumagwera mu gawo lotchedwa Cancer, lomwe analiika kumadzi. Ku China amawerenga zisanu: mtengo, moto, dothi, chitsulo ndi madzi. Asayansi nawo anapita patsogolo kalekale. Cha m'ma 1780 Antoine Lavoisier anaonetsa kuti madzi enieniwo ndi mipweya iwiri yolumikizana, hydrogen ndi oxygen, ndipo lero ana a sekondale amaphunzira tebulo la zinthu 118.

Tsono za mwezi wobadwazo, ine sindizikhulupirira, ndipo sindikubisirani. Ana awiri obadwa tsiku limodzi m'chipatala chimodzi amakula wina wofatsa, wina wamkali. Misozi yanu ili ndi gwero lake m'moyo wanu, osati pa kalendala.

Koma funso lanu lalikulu si limenelo. Mukufunsa ngati pali chingwe pakati pa mzimu wa munthu ndi dothi, madzi, mphepo ndi moto. Pamenepo ndikuti chilipo, ndipo sitinachite kubwereka kwa Agiriki. Makolo athu sanaziwerenge kuti zinayi, koma anakhala nazo m'nyumba, kumunda ndi kumanda.

Taonani mayina amene ankatchula Mulungu. Chauta, mwini uta umene umaoneka kumwamba mvula ikamakata. Mphambe, amene liwu lake ndi bingu. Leza, amene mpaka lero timati utawaleza. Namalenga. Mayina ambiriwa ndi a mitambo ndi mvula. Nkhani yakale ya Achewa imati Chauta anatsika ndi mvula pa Kaphirintiwa, ku Dzalanyama, pamodzi ndi mwamuna, mkazi ndi nyama zonse, ndipo mapazi awo anadinda pathanthwe likadali lofewa. Onse ankakhala mwamtendere mpaka tsiku limene munthu anapekesa timitengo tiwiri n'kutulutsa moto. Tchire linayaka, nyama zinathawa zili ndi mkwiyo, galu ndi mbuzi n'kuthawira kwa munthu. Chauta anakwera kumwamba pa ulusi wa kangaude. Nkhaniyi ndimaikonda chifukwa siinena kuti moto ndi woipa. Ikuti mphamvu imene inatisiyanitsa ndi nyama ndi yomweyo imene inatitalikitsa kwa Mulungu, chifukwa tinaiyatsa tisanadziwe kuigwira.

Mwezi wa Okutobala mukaima m'dera la Chinamwali kuno ku Zomba usiku n'kuyang'ana kuphiri, mumaona mizere yofiira ikukwawa m'nkhalango ya paini. M'mawa phulusa lili pa zovala zimene munayanika. Ena amayatsa posaka mbewa, ena pokwiya, ena mwangozi chabe. Ine ndikaona motowo ndimakumbukira Kaphirintiwa, ndipo mtima umandiwawa.

Komatu moto womwewo ndi umene unkatisonkhanitsa. Agogo anga aakazi, kumudzi kwathu kunjira ya ku Jali, sankalola kuti moto ufe pamafuwa. Usiku ankakankhira chikuni chachikulu pakati n'kuchifotsera phulusa. M'mamawa ankagwada, kufukula ndi kamtengo, kuika timaudzu touma, n'kuuzira katatu kanayi mpaka lawi litadzuka. Posakhalitsa mwana wa nyumba yoyandikana nayo ankafika ndi phale kudzapala moto, ndipo sankabwezedwa ngakhale akuluakulu atayambana dzulo lake. Pamaliro mpaka pano timakoleza moto panja n'kuchezera usiku wonse. Palibe amene amalengeza kuti motowo ndi woyera, koma yesani kuganiza za siwa yopanda moto muone mmene kungakhalire kozizira.

Apa pali chinthu chimene chimandidabwitsa. Kutentha ndi kuzizira kumene Aristotle ankanena, makolo athu analinso nako m'njira yawoyawo. Khanda longobadwa ankati ndi lozizira, ndipo munthu wotentha asalinyamule mpaka litatengedwa mwamwambo, kuopa tsempho kapena mdulo. Sindikunena kuti matenda a ana amabwera choncho. Mwana akatupa kapena kuonda, thamangirani naye kuchipatala. Ndikungoonetsa kuti anthu otalikirana chonchi, osadziwana n'komwe, onse anafotokoza moyo wa munthu ndi mawu a moto ndi madzi.

Za dothi n'zosachita kufunsa. Munthu akafuna kunena kwawo kwenikweni amati ndi kumene kuli mchombo wake. Tsiku lomaliza abale amaponya dothi m'manda. Pakati pa ziwirizi timadya za m'dothi lomwelo chaka ndi chaka. Mukadzayenda ulendo wa ku Jali kapena ku Domasi m'chilimwe, mudzayang'ane pazenera la minibasi. Minda yonse ndi yoyera, mapiri ang'onoang'ono ometedwa, kenako mwadzidzidzi kachitsamba ka mitengo ikuluikulu yobiriwira kali pakati pa minda. Simufunika kuuzidwa kuti pamenepo ndi pamanda. Palibe mlonda, palibe mpanda, koma nkhwangwa siifikapo. Kwa ine umenewu ndi umboni woposa mabuku onse. Pamene anthu akhulupirira kuti malo ali ndi eni ake, mitengo imatsala.

Mphepo ndiidutsa msanga, ngakhale ndi imene ili pafupi kwambiri ndi mawu akuti mzimu. Timaidziwa ndi mayina: mwera wa m'nyengo yozizira umene asodzi amauopa, mpoto, ndi chiperoni chimene chimaphimba phiri lathu masiku angapo, chotenga dzina ku phiri la Chiperone ku Mozambique. Munthu akamwalira timati watsirizika, mpweya watha. Baibulo limene mumawerenga, pa Genesis 2:7, limati Mulungu anaumba munthu ndi dothi n'kuuzira mpweya wa moyo m'mphuno mwake. Dothi ndi mpweya m'vesi imodzi.

Tsopano madzi anu aja. Mulunguzi amene mumakhala m'mbali mwake amayambira pamwamba pa phiri, pamene nsonga yake yotchedwa Malumbe imapitirira mamita 2,000. Amadzaza damu limene mipopi ya mumzinda muno imadalira, n'kutsika kukathira mu Likangala, ndipo Likangala amakathera m'nyanja ya Chilwa. Chilwa alibe mtsinje wotulutsa madzi. Zonse zimene timataya kuno kumtunda, sopo, mapepala a pulasitiki, dothi lokokoloka m'minda ya m'mphepete mwa mtsinje, zimakaima kumeneko, kwa anthu a ku Kachulu ndi a pachilumba cha Chisi, ndipo zimabwerera kwa ife m'matemba amene timagula mumsika. Nyanjayi inaphwa mu 1968 ndi mu 1995, ndipo mu 2018 mbali yaikulu inaumanso, mabwato n'kukhala pamatope ong'ambika. Thupi la munthu wamkulu pafupifupi magawo 60 pa 100 alionse ndi madzi. Ngati mwakhala mu Zomba zaka zingapo, madzi amene ali m'magazi mwanu anadutsa m'phiri limenelo. Choncho mukamati mtima umakhala pansi m'mbali mwa Mulunguzi, ine sindidabwa. Mwakhala pafupi ndi chimene chimakusungani.

Makolo ankadziwanso kuti madzi si ofatsa nthawi zonse. Mu Disembala 1946 mvula yamphamvu inagwa paphiri la Zomba, nthaka inagumuka, miyala ndi mitengo zinatsika ndi madzi, milatho inakokoloka, anthu anafa. Anthu anati wadutsa Napolo, chinjoka cha pansi pa phiri chimene chimasamuka kupita kunyanja. Zinachitikanso ku Phalombe mu Malichi 1991, ndipo mu Malichi 2023 namondwe wa Freddy anatikumbutsa zonsezi m'chigawo chonse cha kummwera. Wasayansi adzakuuzani kuti dothi la pamalo otsetsereka likakhuta madzi limalemera n'kutsetsereka, makamaka pamene palibe mizu yoligwira. Agogo akanakuuzani kuti musamange nyumba m'njira ya Napolo, pakuti madzi saiwala khwawa. Mawu ndi osiyana, koma amene wamvera aliyense wa awiriwa amapulumuka.

Agogo anga omwe aja anali ndi malamulo a pachitsime. Mphika wa mwaye sunkatsukidwira pamenepo. Mitengo ya mikuyu ndi ya katope yozungulira kasupe sinkadulidwa. Tikafunsa chifukwa chake, ankangoti eni madzi akwiya, chitsime chiphwa. Patapita zaka, munthu wina anagula malo oyandikana nawo, anadula mitengoyo n'kuotchera njerwa. Chilimwe chachiwiri amayi a m'mudzimo anayamba kukatunga kutali. Kaya muti mizimu inakwiya, kaya muti mthunzi ndi mizu zinachoka, ndowa zinabwerera zopanda kanthu.

Apa ndiye pali kusiyana kwanga ndi zimene zikufala pa Facebook ndi pa TikTok. Kumeneko nkhani ya zinthu zinayizi imathera pa iwe mwini: ndiwe wa moto, n'chifukwa chake umapsa mtima, ndiwe wa madzi, n'chifukwa chake umalira. Sipakhala ngongole. Kwa makolo athu, ubale ndi madzi kapena dothi unali ngati ubale wina uliwonse, wokhala ndi zoyenera kuchita ndi zoletsedwa. Ku Khulubvi ku Nsanje, kumene kuli kachisi wa M'bona, nkhalango yasungika chifukwa cha ulemu umenewu. Ku Msinja, Makewana ankapempherera mvula ya anthu onse, osati mwayi wa munthu mmodzi.

Nanga mukuchimwa? Ine si m'busa kapena shehe, ndipo ndi bwino mukacheze ndi atsogoleri a mpingo wanu. Koma maganizo anga ndi akuti ayi. Kupembedza mtsinje ndi kwina, kumva ukulu wa Mlengi uli pamtsinje ndi kwinanso. Inu munabatizidwa ndi madzi. Ngati mpingo wanu umasunga Lachitatu la Phulusa, mumapakidwa phulusa pamphumi n'kuuzidwa kuti ndinu dothi. Pa Pentekoste Mzimu anabwera ndi mkokomo wa mphepo ndi malilime a moto. Abale athu achisilamu, amene ndi ambiri kuno ku Zomba, amatawaza ndi madzi asanaswali, ndipo madzi akasowa amaloledwa kugwiritsa ntchito dothi loyera. Yesu mwini ankachoka pagulu kukapemphera kuphiri. Chimene ndingakuchenjezeni ndi anthu ofuna ndalama, okuuzani kuti mugule mwala, kandulo kapena botolo la madzi kuti mulumikizane ndi chilengedwe. Amenewo apeweni ndithu.

Mukadzakweranso kuphiri, mudzapite mvula yoyamba itangogwa, fungo la dothi likadali m'mwamba. Mudzadutse damu n'kutsata mtsinje mpaka pa mathithi a Williams. Mudzatenge kathumba kotoleramo mabotolo amene alendo amasiya pamiyala. Ndipo mudzandilemberenso kundiuza ngati madzi ayamba kale kuchuluka, chifukwa mwendo ukundivuta ndipo chaka chino sindinafikeko.