Kwa mlezi mnzanga amene ali ndi mwana woluma anzake

Mayi, ndawerenga funso lanu lokhudza mnyamata wa zaka 2 amene waluma anzake katatu m'sabata imodzi pa sukulu yanu ya mkombaphala, ndipo ndaonanso kuti ena akulangizani kuti mumulumeko pang'ono kapena mum'pake tsabola pakamwa kuti atengerepo phunziro. Ine ndalera ana a msinkhu umenewu kwa zaka zingapo, ndipo ndikukupemphani kuti malangizo awiriwo muwasiye. Mwana akalumidwa ndi munthu wamkulu amaphunzira kuti wamphamvu amaloledwa kuluma wochepa mphamvu, ndipo mawa lake amakachita zomwezo kwa kamwana kamene kangoyamba kumene kuyenda. Za tsabolazo ndi nkhanza, ndipo makolo akadzamva, mlandu udzakhala wanu, osati wa amene anakulangizani.

Kuluma kumachuluka mwana akakhala pakati pa chaka chimodzi ndi zaka zitatu, ndipo sikutanthauza kuti kwawo akumulera molekerera. Pa msinkhu wa mnyamata wanuyo mano akumbuyo amakhala akumerabe, popeza mano onse 20 a ubwana amakwanira mwana akamayandikira zaka zitatu, choncho nkhama zimayabwa ndipo amafuna choti atafune. Chachikulu kuposa pamenepo n'chakuti mawu amakhala asanabwere okwanira. Mnzake akamulanda chidole, mtima umamuwawa ngati mmene ungawawire wa munthu wamkulu, koma sangathe kunena kuti "ndi changa", ndiye amangogwiritsa ntchito mano.

Chimene chinandithandiza ine ndi kope ndi cholembera. Ndinali ndi kamtsikana kamene kanavutitsa pafupifupi mwezi wathunthu, ndipo nditatopa ndi kukalipa ndinayamba kulemba nthawi, malo, amene walumidwa ndi chimene chinachitika kuluma kusanachitike. Patatha masiku ochepa ndinaona kuti pafupifupi nthawi zonse zinkachitika phala litatsala pang'ono kupsa, pamene ana onse ankapanikizana pa mzere wosamba m'manja pa ndowa imodzi, ine ndili kalikiliki ndi makapu. Mwanayo ankabwera osadya kanthu m'mawa, ndipo njala ikakumana ndi kukankhana, ankayamba wauma thupi, n'kuyang'anitsitsa mkono wa amene ali patsogolo pake. Ndinayamba kumusambitsa m'manja poyamba, n'kumukhazika pa mphasa pafupi ndi mwendo wanga, atanyamula masipuni kuti azindithandiza kugawa. Kuluma kunachepa kwambiri sabata yomweyo, ndipo sindinam'patse chilango chilichonse. Inunso lembani kwa sabata imodzi kapena ziwiri. Mwina mudzapeza kuti vuto ndi tulo, kapena chidole chimodzi chimene ana onse amachilimbirana, kapena mnzake mmodzi amene amakonda kumukhalira pafupi kwambiri. Mukadziwa nthawi yake, muzikhala pamtunda woti dzanja lanu lingamufikire, kuti mukangoona akutsegula pakamwa muike dzanja pa phewa lake n'kumutembenuzira kwina. Ndikudziwa kuti zimenezi n'zovuta pamene mlezi mmodzi akuyang'anira ana ambirimbiri, koma ndi mphindi zochepa chabe pa tsiku zimene zimafuna maso oterewa.

Akaluma ndithu, muwalekanitse mosakuwa, mugwade kuti maso anu alingane ndi ake, n'kumuuza mawu ochepa ndi nkhope yosaseka: "Ayi, osaluma. Kuluma kumapweteka." Ulaliki wautali sangaumve. Kenako mutembenukire kwa wolumidwayo ndi kumutonthoza, chifukwa woluma akaona kuti aliyense akuthamangira kwa iye, ngakhale kudzamukalipira, amazindikira kuti mano ndi njira yachidule yokopera maso a aphunzitsi. Mtima wake ukatsika, mum'phunzitse mawu oti azinena, monga "ndipatse", "siya" kapena "ayi", ndipo tsiku limene wanena mawuwo m'malo moluma mumuyamikire pomwepo. Ngati mukuona kuti akuchucha dovu ndi kutafuna kolala ya malaya ake, mum'patse kansalu koyera konyowetsedwa ndi madzi ozizira kuti azitafuna, kakhale kake yekha ndipo kazichapidwa tsiku lililonse.

Pamene palumidwapo mutsuke ndi sopo ndi madzi oyera, kenako muikepo nsalu yozizira kuti pasatupe. Khungu likang'ambika mpaka kutuluka magazi, mwanayo apite kuchipatala tsiku lomwelo ndi buku lake la kusikelo, chifukwa m'kamwa mwa munthu muli tizilombo tambiri ndipo bala lotere silichedwa kuchita mafinya. Achipatala adzaonanso ngati analandira katemera wa Penta, amene amaperekedwa mwana akakwanitsa masabata 6, 10 ndi 14, ndipo amateteza ku kafumbata ndi matenda a chiwindi a hepatitis B pamodzi ndi matenda ena. Makolo ambiri amayamba kuopa HIV, koma kachilomboka sikafala kudzera m'malovu, ndipo ngati panali magazi m'kamwa mwa wolumayo, auzeni achipatala kuti aunike okha.

Za makolo a ana olumidwa amene mwati akwiya, musadikire kuti akapeze zipsera za mano pomusambitsa mwana madzulo. Auzeni nokha pobwera kudzamutenga, mufotokoze chimene chachitika, chimene mwachita pa balalo ndi chimene mukuchita kuti zisabwerezeke. Dzina la woluma musalitchule ngakhale atakukakamizani, poti m'mudzi nkhani ya ana imasanduka ya mabanja, ndipo mwana amatha kupatsidwa dzina loti "kagalu" limene limam'tsatira mpaka ku pulayimale. Makolo a mnyamatayo mukhale nawo pansi paokha, muwafunse ngati kunyumba kwabadwa mwana wina, ngati wangosiyitsidwa kumene kuyamwa, kapena ngati pali achibale amene amasewera naye momulumaluma m'masaya, ndipo mugwirizane kuti mawu amene mukunena kusukulu akhale omwewo kunyumba. Akapitirira zaka zitatu akulumabe kawirikawiri, kapena mukaona kuti satchula mawu ngati anzake ndiponso satembenuka mukamuitana muli kumbuyo kwake, muwalangize kuti akaonane ndi mlangizi wa zaumoyo kapena apite naye kuchipatala akamuyeze makutu ndi kakulidwe kake.