Musafulumire kupaka penti zifanizo zakale za m'tchalitchi

Mayi, mwafunsa ngati n'koyenera kuti akhristu a pa tchalitchi chanu chakale asonkhe ndalama zopakira penti yatsopano chifanizo cha Amayi Maria ndi zithunzi za Njira ya Mtanda, popeza zasuluka ndipo zina zayamba kunyenyeka. Ine ndikuti musafulumire, ndipo nkhaniyi iyambe yafika kwa bambo mfumu, chifukwa katundu wotere ndi wa parishi yonse.

Ansembe a Montfort, amene anafika m'dziko muno mu 1901 nayamba ntchito ku Nzama, ndiwo anatumikira chigwa chathu chino cha Shire dayosizi ya Chikwawa isanakhazikitsidwe mu 1965, ndipo zifanizo zambiri za m'matchalitchi a nthawi imeneyo zinkachokera ku Ulaya, zoumbidwa ndi pulasitala. Pulasitala amamwa chinyezi. Mukamukuta ndi penti ya mafuta yopakira zitseko, chinyezicho chimatsekeredwa mkati, ndipo kukafika kutentha kwa mu Okutobala, kumene ife a ku Nsanje ndi ku Chikwawa timakudziwa bwino, pentiyo imatukusira n'kuyamba kusendeka pamodzi ndi utoto wakale wa pansi pake. Nkhope ndiyo imawonongeka kwambiri, pakuti maso ndi milomo zinajambulidwa ndi mmisiri wa dzanja lofewa, ndipo munthu wozolowera kupenta makoma, ngakhale akhale waluso, sangazibwezere mmene zinalili.

Ndalamazo ziyambe zathana ndi zimene zikuwononga zifanizozo: denga lodontha, ndowe za mileme, chiswe chimene chimadya mafelemu a zithunzi 14 za Njira ya Mtanda, ndi chinyezi chokwera m'makoma, makamaka kumene madzi analowa m'tchalitchi mu 2015 kapena pa namondwe Freddy mu 2023. Fumbi lichotsedwe ndi burashi yofewa youma, popanda madzi kapena sopo, ndipo zithunzi zisakhudze khoma lonyowa.

Ngati china chawonongekeratu, ganizirani za amisiri osema a ku KuNgoni, ku Mua, malo amene bambo Claude Boucher anayambitsa mu 1976, kumene nkhani za m'Baibulo zimasemedwa pa mtengo ndi nkhope za kwathu kuno. Chakalecho chisatayidwe kudzala, popeza n'chodalitsidwa. Chisungidwe m'sakristiya, chipinda chosungiramo zovala ndi ziwiya za Misa, kufikira bambo mfumu atanena chochita nacho.