Kapangidwe, maonekedwe ndi mjigo wothyoka: mayankho a mafunso anu

Aphunzitsi ena a pasukulu ya ntchito zamanja afunsa kuti: "Ophunzira anga akamva mawu akuti dizayini amaganiza za kukongoletsa basi. Kodi m'Chichewa tinganene bwanji ntchito yoganizira mmene chinthu chidzakhalire chisanapangidwe?"

Aphunzitsi, ana anuwo sakulakwa kwenikweni. Ambiri timamva mawu akuti dizayini kwa telala ndi kusaluni, kumene munthu amaloza chithunzi n'kunena kuti "ndisokereni dizayini iyi". Ndiye mawuwa amatikumbutsa maso okha. Chimene inu mukuphunzitsa ndi kapangidwe. Maonekedwe ndi gawo lake laling'ono chabe. Kapangidwe kamafunsa kuti chinthuchi adzachigwira ndani, chidzalemera bwanji, chikawonongeka adzachikonza ndani, nanga mwana akachitola chidzamuvulaza kapena ayi. Munthu wa ntchito imeneyi mutha kumutchula kuti wolinganiza kapangidwe ka zinthu, pakuti kulinganiza kumachitika nyundo isanagunde.

Mawu otere amapangika mosavuta. Tengani mneni, ikani ka- kutsogolo ndi -idwe kumapeto: kapangidwe, kaumbidwe, kamangidwe. Tsinde likakhala ndi e kapena o, mapeto ake amakhala -edwe, n'chifukwa chake timati kasokedwe ndi kakonzedwe.

Kuti ana amvetse, atengereni pulagi ya mapini atatu m'kalasi. Mtundu umenewu unakhazikitsidwa ku Britain mu 1947, ndipo ndi womwe tili nawo m'makoma athu. Pini yapamwamba anaitalikitsa dala. Imayamba kulowa n'kutsegula totseka ta mabowo awiri a pansi, momwe muli moto, kuti mwana wokhala ndi msomali asafikemo. M'kati mwa pulagimo mulinso fyuzi imene imapsa magetsi akachuluka, chingwe chisanayake. Palibe chokongola pamenepa, koma ndi kapangidwe kenikeni. Chimene chimandidetsa nkhawa ndi chizolowezi chathu chotosa bowo lapamwamba ndi kamtengo kapena bolopeni kuti tchaja cha mapini awiri chilowe. Tikatero timakhala tachotsa ndi manja athu chitetezo chimene anatiikira.

Bambo wina wa mukomiti ya pamjigo wafunsa kuti: "Polemba lipoti, ndinene kuti mjigo wathyoka kapena wathyoledwa?"

Bambo, zonse ndi Chichewa chabwino, koma zimatumiza anthu kosiyana. Mukalemba kuti wathyoledwa, ndiye kuti alipo wothyola, ndipo amfumu adzafunsa kuti ndani. Mukati wathyoka, mwangonena mmene zinthu zilili popanda kuloza munthu chala. N'chimodzimodzi ndi kusweka ndi kuswedwa, kung'ambika ndi kung'ambidwa. Ngati simunaone wina akuwononga, lembani kuti wathyoka. Amayi ndi ana otunga madzi amanamiziridwa kawirikawiri pa zinthu zimene zangotha ndi ntchito, monga tamphira ta m'kati ndi mabushi a pulasitiki a pachogwirira.

Ndipo kutha kwa tizigawo timeneti n'kolinganizidwa kale. Mijigo yambiri m'midzi mwathu ndi ya mtundu wa Afridev, umene ntchito yake inayambira kuno ku Malawi kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1980, pa dzina lakuti Maldev, isanakapitirire ku Kenya. Pampu yotchuka ya nthawi imeneyo, India Mark II, inali yolimba ndithu, koma kuti ufike pa zigawo zake za pansi unkayenera kuzula mapaipi onse achitsulo, ntchito yofuna zida zolemera ndi amisiri ochokera kutali. Mudzi unkatha kudikira nthawi yaitali anthu akumwa madzi a kudambo. Olinganiza Afridev anaganiza mwina. Anavomereza kuti pampu iliyonse idzawonongeka tsiku lina, choncho anaipanga kuti zigawo zimene zimatha msanga zikhale zotsika mtengo, ndiponso zizitulukira m'kati mwa paipi popanda kuizula, anthu a pamudzi pomwepo akugwiritsa ntchito sipanala imodzi ndi chokolera.

Apa pali msampha wa chiyankhulo umene ndikufuna muupewe. Popeza chogwirika ndi chimene chingathe kugwiridwa, wina angaganize kuti pampu yotere ndi "yokonzeka". Ayi. Makutu a Mchewa akamva kuti mjigo ndi wokonzeka amamva kuti ntchito yatha, atha kuyamba kutunga. Nenani kuti ndi wosavuta kukonza, kapena wotheka kukonzedwa pamudzi pomwepo. Mawu ndi ambirirapo, koma sasokeretsa munthu.

Wowerenga wachitatu, wokhala ku Johannesburg, akuti amamva ena akunena mapangidwe, ena kapangidwe, ndiye akufuna kudziwa cholondola.

Zonse zimamveka, m'bale wanga, ndipo pali mawu ena amene anakhazikika ndi ma-, monga makhalidwe ndi maonekedwe. Ine ndimasankha ka- ndikamanena za njira imodzi ya chinthu chimodzi, ndipo ma- ndimamusiyira pamene njirazo zili zingapo. Chofunika kusamala ndi mgwirizano wa mawu otsatira. Timati kaumbidwe ka mbaula ya Chitetezo kamasunga kutentha, n'chifukwa chake imadya nkhuni zochepa kuposa mafuwa. Timatinso mapangidwe a mbaula amasiyana malinga ndi chimene ikuyatsidwa nacho, nkhuni kapena makala. Cholakwika n'kusakaniza, monga kulemba "kapangidwe ake" kapena "mapangidwe kake", ndipo zimenezi ndimaziona kawirikawiri pa zikwangwani ndi pa timapepala ta malonda.