Kadimba ka kuseri kwa nyumba ndi chithunzi chimene "munatenga"

Mayi wina wa ku Area 25 ku Lilongwe wandilembera kuti kuseri kwa nyumba yawo ya lendi anapanga mabedi anayi, muli repu, mpiru, tomato ndi anyezi pang'ono, amathirira ndi madzi a pampopi. Ndiye akuti ana amati ndi gadeni, apongozi atabwera kuchokera kumudzi anakanitsitsa kuti limeneli si dimba poti palibe dambo, nde iwo akufunsa kuti azitchula chani, munda kapena?

Mayi, munda ayi, umenewo uchotseni kaye. Munda umadikira mvula. Timasosa, timaunga mizere mu Okutobala dzuwa likuswa mtengo, mvula ikagwa timabzala, kupalira, kubandira, kenako kukolola cha mu Epulo ndi Meyi basi zatha. Dimba limadzuka nthawi imene munda wagona, m'chilimwe, ndipo limakhala ndi moyo chifukwa cha chinyontho kapena madzi amene munthu wabweretsa ndi manja ake.

Apongozi anuwo sakunama, akunena dimba limene analidziwa. Inenso ndi lomwelo ndinakula nalo. Agogo anga aakazi ku Ntcheu anali nalo kumunsi kwa mudzi m'mphepete mwa dambo, atalizunguliza ndi mpanda wa minga kuopa mbuzi ndi ng'ombe, pakati anakumba kachitsime kosaya kofika m'chiuno, ife ana timatunga ndi ndowa yobooka pansi titatseka ndi kansanza, uku mapazi akumira m'dothi lakuda lozizira lija. Mu Novembala anthu ena nkhokwe zitapepuka ife timadya mondokwa wa kudimba. Koma taonani lero, wina akukoka madzi ndi pampu yopalasa ndi miyendo, wina ndi ya sola, mipope kukwera mpaka kumtunda kumene kulibe dambo ndi pang'ono pomwe, ndipo palibe amene amati limenelo si dimba. Ndiye chimene chikugwira mawuwa ndi kuthirirako osati damboli. Anuwo ndi kadimba, akakhala ambiri timadimba, onani kuti ma uja sachoka, sitinena kuti tidimba.

Gadeni ine sindimukonda ndipo sindibisa. Mawu amenewa anabwera ndi nyumba za azungu zokhala ndi kapinga ndi maluwa, anabwera limodzi ndi gadeniboyi, bambo wamkulu wa ana asanu kumatchedwa boyi moyo wake wonse. Ngati anawo akufuna gadeni asiyireni pa maluwa a kumaso kwa nyumba, koma pamene pakutuluka ndiwo ndi padimba.

Musaganize kuti ndimadana ndi mawu onse obwereka. Repu, kabichi, tchayinizi, karoti, amenewa anabwera ndi mbewu zake, tikanawatchula chani? Ngakhale mbatata imene timaiyesa yathuyathu ndi batata wa Apwitikizi, chimodzimodzi nsapato ndi sapato, lilime linangowaika m kapena n kutsogolo n'kukhala athu. Tomato yekha ndi amene amandiwawa chifukwa tinali kale ndi matimati komanso phwetekere, ting'onoting'ono tija tomera tokha padzala, towawasa, tokoma mu usipa kuposa wa kumsikayu. Ine ndimakhulupirira kuti dzina la phwetekere linachokera pa momwe amaphulikira ukamufinya ndi zala mumphika, talitchulani pang'onopang'ono mumve nokha.

Ndipo poti mwatchula ana, aphunzitseni ichi chisanatayike. Chichewa chimapatsa tsamba dzina lakelake losiyana ndi mbewu yake. Dzungu masamba ake ndi nkhwani, nyemba ndi khwanya, khobwe ndi chitambe, mbatata ndi kholowa, chinangwa ndi chigwada. Kuonjezera apo pali zomera zokha, bonongwe, chisoso, luni, denje. Ndiye ndikamva mwana akuti lero tadya maveji mtima umandipweteka, zonsezi kuzikulunga m'liwu limodzi ngati ndi chinthu chimodzi, chonsecho nkhwani umafuna kusadzula, chigwada chimafuna kusinja mumtondo, kaphikidwe kake sikafanana ngakhale pang'ono.

Munalembanso kuti "ndinadzala" n'kufunsa ngati zili bwino. Zili bwino, kudzala ndi kubzala onse ndi athu, kungoti kubzala sikusokonezeka ndi kudzala kwa ndowa ikadzaza madzi. Pamenepo sindilimbana nanu.

Funso lina lachokera kwa achimwene ena amene akugwira ntchito ku Johannesburg. Akuti anaphika nsima ndi nyama yofulaya, anatumiza pa WhatsApp kwa mayi awo ndi mawu oti "ndatenga chithunzi muone kuti ndikudya", mayi awo n'kuyankha kuti wachitenga kuti, kwa ndani? Ndiye akufunsa ngati analakwitsa.

Achimwene, mayi anu akhoza. Kutenga chithunzi pa Chichewa ndi kunyamula chithunzi chimene chilipo kale, mwachichotsa pakhoma kapena mu alubamu mwaika m'thumba. Chimene munachita inu ndi kujambula. Kutengako ndi Chingerezi chovala malaya a Chichewa, ndipo chafala kwambiri ndi mafoniwa moti ndimachimva ngakhale pawailesi. Kutola zithunzi ndimakulola, atolankhani anakuzoloweretsa poti amatola nkhani amatolanso zithunzi, koma kutenga ayi.

Kujambula ndi mawu otakata kwambiri ndipo satopa. Mwana akujambula nyumba ndi pensulo, woimba akujambula nyimbo ku situdiyo, kuchipatala akuti pitani akakujambuleni pachifuwa, onsewo ndi kujambula ndipo palibe amasokonezeka. Ndiye pali kujambulitsa, amene achinyamata ayamba kumuiwala poti aliyense kamera ili m'thumba. Kale timajambulitsa. Wojambula amabwera panjinga Loweruka kapena tsiku la Khirisimasi kamera ili pakhosi, amayi amatisambitsa n'kutipaka mafuta mpaka nkhope kunyezimira, timaima kutsogolo kwa maluwa, achimwene anga aakulu atanyamula wailesi kuti nayonso ioneke. Mumalipira theka, kenako kudikira mpaka filimu yake ya zithunzi 36 ithe, apite nayo kutauni akatsukitse, nthawi zina mwezi wathunthu, nthawi zina amabwera n'kunena kuti chinapsa. Kutsuka ndi kupsa, mawu a pakhomo enieni, a kuchitsime ndi kukhitchini, anthu anawatenga n'kuwapatsa ntchito yatsopano popanda kufunsa aliyense. Chimene chimandidandaulitsa ndi chakuti pa zithunzi zonse zija palibe ngakhale chimodzi cha amayi ali pamafuwa akuvundula nsima kapena agogo ali kudimba, timaona ngati zimenezo si zojambulitsa. Inu amene mukujambula mbale ya nsima lero mukuchita bwino, pitirizani.

Nanga chithunzi chenichenicho? Apa ndiye pokoma. Chotsani chi muike m, mupeza mthunzi, wa pansi pa mtengo wa mango uja. Bwerezani tsinde lake mupeza chithunzithunzi, chija chimakutsatira pansi ukamayenda padzuwa. Makolo ataona nkhope ya munthu papepala, iyeyo ndithu koma wosagwirika wosayankhula, anati ichi ndi chithunzi chake, ndipo ine sindikuona kuti akanapeza liwu loposa limeneli. Inu muli ku Joni tcherani khutu kwa anzanu olankhula Chizulu, mthunzi amati umthunzi, ndipo isithunzi ndi chithunzithunzi cha munthu komanso ulemu wake umene amayenda nawo. Tsinde ndi lomwelo, ndife amodzi kuchokera kutali. Ndiye foto ndi pikicha ndizitani nazo pamene ndili ndi liwu lolemera chonchi?

Za nyama yofulaya simunafunse koma ndinena. Ndi yokazinga. Ena amati kukazinga ndi kopanda mafuta kokha, ngati chimanga kapena mtedza pachiwaya, ndiye kwa mafuta kukhale kufulaya. Ayi, amayi anga amakazinga mazira, amakazinga anyezi ndi tomato mafuta ali tcheee mupoto, sanafulayepo kanthu. Ulendo wina mukatumiza lembani kuti "amayi, ndajambula nsima ndi nyama yokazinga", ndipo muwapemphe akutumizireni mfutso wa chitambe ndi nsinjiro kwa wina wobwera pabasi, chifukwa m'mbale mwafotokozamo simunatchule masamba.