Yankho la azakhali pa za madontho akuda otsala ziphuphu zikapola

Eee moni nonse m'gulu muno. Ndikuyankha iwe mwana wa achimwene, funso lako la m'mawa lija, ndajambula mawu poti kulemba nkhaniyi ingatalike. Wati ziphuphu zinapola koma zasiya madontho akuda m'masaya ndi pachibwano, ndiye mnzako wakuuza kuti uzipaka mandimu osakaniza ndi adyo usiku. Chonde mwana wanga, usayerekeze n'komwe.

Imva kaye kumene madonthowo amachokera. Khungu likatupa, kaya ndi chiphuphu, kaya wakanda pamene wakuluma udzudzu, kaya wapsa, maselo opanga melanin, chimene chimatipatsa mtundu wathuwu, amayamba kupanga wambiri pamalo pomwepo. Chilonda chimapola, kuda kuja n'kutsala. Ife akhungu lakuda zimatichitikira kwambiri, ndipo zimachedwa kutha. Ndiye chilichonse chimene chikukuwotcha kapena kukunyerenyetsa ukadzola chikutupitsanso khungu, mapeto ake dontho lina pamwamba pa lakale. Adyo wosinja amawotcha mpaka matuza. Mandimu nawo, ukadzola n'kutuluka padzuwa, khungu limapsa n'kusiya mizere yoderapo mmene madzi ake anayenderera. Anthu amati kukawawa ndiye kuti mankhwala akugwira ntchito. Pa nkhani iyi si zoona ayi.

Zomera zothandiza zilipo ndithu, sindikukana. Alovera uja ali kuseri kwa nyumba kwa agogo ako, thyola tsamba limodzi lokhwima, uliimike m'kapu kwa mphindi 15 kuti madzi achikasu owawa aja atsike, poti amenewo amayabwa. Ukatero ulisende, utenge zoterera zoyera za m'kati zokha, udzole pang'ono pankhope yosamba. Ntchito yake yaikulu ndi kuziziritsa khungu kuti kutupa kuchepe, usayembekeze kuti afufuta dontho yekha. Chikasu nachonso ena chimawathandiza, muli curcumin amene amachepetsa kutupa, koma chikhale chikasu chenicheni, osati kale wa ndiwo wa m'kapaketi, mmene muja amasakanizamo tsabola ndi zina. Chimathimbiriritsa pilo ndi thaulo, ndipo anthu ena chimawatulutsa nsungu.

Zina n'zoti sungazipange kukhitchini. Ukalowa m'famase, tembenuza botolo uwerenge kumbuyo. Ukaona licorice extract, umenewo ndi muzu wa chomera, muli glabridin amene amachedwetsa kapangidwe ka melanin. Mulinso mafuta ena okhala ndi soya kapena mabulosi, amagwira mofananako. Koma ndikuuze mosabisa, kafukufuku wa zomera zimenezi ndi wa anthu owerengeka, ndipo kusintha kwake n'kwapang'onopang'ono. Amene ine ndimawakhulupirira kwambiri ndi azelaic acid. Mwachilengedwe amapezeka mu tirigu ndi balere, ngakhale wa m'chubuyo amapangidwa kufakitale, amabwera wa 15 kapena 20 peresenti, ndipo amalimbana ndi ziphuphu ndi madontho nthawi imodzi. Funsa wa famase kapena adokotala akuuze kadzoledwe kake, poti masiku oyamba amanyerenyetsako.

Chilichonse chatsopano, ngakhale alovera yemweyo, yamba wadzola pang'ono kunsi kwa mkono, udikire masiku awiri. Pakayabwa kapena kutupa, chisiye. Ndipo chimodzi pa nthawi, osati zonse usiku umodzi, wamva?

Tsopano dzuwa, apa ndiye pagona nkhani. Ukhoza kudzola zonse ndatchulazi, koma ngati tsiku lililonse ukuyenda padzuwa la Okutobala nkhope ili pamtunda, madonthowo azingodabe. Amayi a ku Nampula ndi ku Ilha de Moçambique, m'dziko la Mozambique, amapera mtengo wa mussiro pamwala ndi madzi, n'kudzola nkhope yonse mbuu, ndipo china chimene chimawathandiza n'choti nkhope yaphimbika. Iwe peza sunscreen, mafuta oteteza khungu ku dzuwa, wolembedwa SPF 30 kapena kuposa, uzidzola m'mawa uliwonse, ndi chipewa chachikulu kapena ambulera ukamapita kumsika. Usamvere zoti munthu wakuda safunika zimenezi. Ndiponso manja achoke kumaso. Chiphuphu chofinya ndi chimene chimasiya dontho lalikulu.

Za nthawi, ndikuuziretu kuti usataye mtima. Madontho oderapo a pamwamba pa khungu amatenga miyezi 6 mpaka 12 kuti azimiririke. Aja otuwa ngati phulusa ali mkati, amatha kukhala zaka. Uzidzijambula kamodzi pamwezi pawindo lomwelo nthawi yofanana, poti pagalasi tsiku ndi tsiku sungaone kusintha.

China, ndipo ichi ndikuuza nonse atsikana m'gulu muno, ngakhale inu alamu. Mafuta aja a m'misika okhala ndi chithunzi cha papaya kapena karoti, olembedwa herbal, ambiri mwa iwo amabisamo mankhwala amphamvu oyeretsa khungu monga clobetasol, hydroquinone kapena mercury. Ku South Africa analetsa hydroquinone m'zodzoladzola mu 1990 ataona mmene ankawonongera nkhope za amayi. Ukadzola nthawi yaitali khungu limapyapyala, mitsempha kuonekera, ziphuphu kubwerera zochuluka, kenako m'masaya kuda bii, kuda kovuta kuchiza. Mercury amafika mpaka ku impso. Mafuta akakuyeretsa pa sabata imodzi, dziwa kuti si papaya wachita zimenezo.

Ngati ziphuphu zikutulukabe zatsopano, yamba ndi zimenezo, pita ukaonane ndi a zakhungu, ku Queens ku Blantyre kapena ku Central ku Lilongwe aliko. Ndipo botolo lija unati unagula mwezi watha, lijambule kumbuyo kolembedwa tizilembo ting'onoting'ono unditumizire ku inbox madzulo ano, tiwerengere limodzi usanadzolenso. Moni kwa amayi ako.