Kopeza ulangizi wa m'dimba pa foni

Achimwene, mwafunsa komwe mungapeze ulangizi pa intaneti popeza mwayamba kumene dimba la tomato ndi mpiru kufupi ndi mtsinje wa Bua kuno ku Mchinji.

Ine ndinganene kuti muyambe ndi webusayiti ya bungwe la Access Agriculture. Ali ndi makanema a alimi enieni, ambiri omasuliridwa m'Chichewa, osonyeza kapangidwe ka manyowa, kafesedwe ka nazale ndi kathiriridwe. Mukapeza netiweki yabwino ku Boma kapena pa Kamwendo, atsitseni n'kuwasunga m'foni, muziwaonera kudimba osawononga bandulo.

Za tomato ndiye samalani kwambiri. Mukaona masamba ali ndi timizere toyera ngati touma, ndipo zipatso zikubooka pafupi ndi phesi, nthawi zambiri imakhala mbozi ya Tuta absoluta. Jambulani tsambalo kutsogolo ndi kumbuyo, muonetse pa Plantix, pulogalamu ya pa foni yozindikira matenda ndi tizilombo ta mbewu, koma musathamangire kugula mankhwala chifukwa foni yanena. Pitani nacho chithunzicho kwa alangizi a EPA yanu (ofesi ya zaulimi ya m'dera lanu) atsimikize, chifukwa mboziyi sichedwa kuzolowera mankhwala mukamathira amodzimodzi.

Magulu a WhatsApp ndi Facebook alipo ambiri. Amene amathandiza ndi omwe muli alangizi ndi alimi a m'dera lathu lino, popeza mbewu yochita bwino ku Thyolo ikhoza kukukanani kuno. Gulu lodzaza ndi otsatsa mbewu zopanda lebulo, tulukanimo msanga.

Tsatiraninso tsamba la Facebook la nthambi yoona zanyengo, ndipo madzulo muzitsegulako wailesi ya Mudzi Wathu. Mwafesa tomato wa mtundu wanji? Mundiuze tione za kabzalidwe kake.