Waya wa mkono wa galamafoni: shield ndi earth zisakumane

Achimwene a ku Senga Bay, mwati mwadzipangira waya wochoka ku mkono wa galamafoni kupita ku ampulifaya, koma mukangoyatsa kukumveka "mmmm" singano isanakhudze n'komwe chimbale, ndiye mukufunsa ngati mugule waya wina. Musathamangire kugula. Pachithunzi chanucho ma shield onse awiri (ukonde wa tiwaya wokuta kawaya kapakati) mwawapotera pamodzi ndi waya wa earth, ndipo ine ndikukayikira pamenepo.

Kumbuyo kwa cartridge, kamutu kokhala ndi singano kumapeto kwa mkono, kuli timapini tinayi. Waya woyera ndi wabuluu ndi wa kumanzere, wofiira ndi wobiriwira wa kumanja. Woyera ulowe pa kawaya kapakati ka RCA (pulagi yolowa mu ampulifaya) yakumanzere, wabuluu pa shield yake, ukonde wakunja uja. Kumanja chimodzimodzi: wofiira pakati, wobiriwira pa shield. Mbali iliyonse iyende yokha mpaka ku ampulifaya. Chitsulo cha mkono chikhale ndi waya wakewake, wachisanu, wokamangidwa pa sikuluwu ya pa ampulifaya yolembedwa GND. Ma shield awiriwa ndi waya wa earth zimakakumana kale mkati mwa ampulifaya, choncho mukazilumikizanso ku galamafoni mwapanga lupu, njira yozungulira ya magetsi, ndipo lupuyo imatola phokoso la thiransifoma iliyonse yomwe ili pafupi.

Phokosolo limakula chifukwa cartridge ya MM (ya maginito oyenda) imangotulutsa pafupifupi 5 mV, ndiye gawo la phono, lolandira mawu a galamafoni mu ampulifaya, limakweza mawuwo mwina ka 100. Pamwamba apo limakankha kwambiri mawu a besi, ndipo 50 Hz ya magetsi athu imagwera komweko.

Waya asapitirire kwambiri mita imodzi. Wautali umasokoneza mawu apamwamba pa MM. Asagone pamodzi ndi waya wa magetsi, ndipo ngati mumadalira inivetala magetsi akathima, ikhale patali. Powotcherera, vulani kaye timakilipi ta mawaya pa timapini ta cartridge. Mukawotcherera pa pini penipeni, kutentha kumatha kudula tiwaya ta koyilo mkati, ndipo cartridge ina yoti mugule simungaipeze msanga ku Salima kuno.

Kunyanjako chinyezi chimadetsa mapulagi msanga, apukuteni ndi spirit ngakhale akuoneka bwino.

Mukamaliza, zulani zonse ku ampulifaya muyeze ndi multimeter, mutaiika poti izilira mawaya akakhala olumikizana. Pakati pa shield yakumanzere, yakumanja ndi waya wa earth pasalire. Ikalira pakati pa earth ndi shield imodzi, onani cartridge: ena amakhala ndi kachitsulo kolumikiza thupi lake ndi pini imodzi, ndipo lupu imatha kubwerera pamenepo kudzera pa masikuluwu oimangira.